Kalata yotseguka kwa oyendetsa maphunziro: za mwana amene akuleredwa ndi kholo limodzi

Kwa nduna za maphunziro ndi za chisamaliro cha ana, alembi aakulu a maunduna, oyang'anira maphunziro m'zigawo, aphunzitsi aakulu, makomiti a sukulu ndi oweruza milandu ya mabanja.

Olemekezeka,

Tikukulemberani ife amene ntchito yathu ndi kuphunzitsa, kulangiza ana ndi kuyendera mabanja. Nkhani yathu ndi ya mwana amene akuleredwa ndi amayi okha kapena bambo okha. Sukulu zambiri zinakonzedwa ngati kuti pakhomo pa mwana aliyense pali akuluakulu awiri: wina wokasaka ndalama, wina wokhala ndi mpata wobwera ku msonkhano, wosaina mafomu ndi wokhala pansi ndi mwana madzulo. Ganizo limeneli silinalembedwe m'buku la malamulo, koma lili m'nthawi imene misonkhano imachitika, m'katoleredwe ka fizi, m'homuweki ndi m'zilango. Mwana wa kholo limodzi ndiye amavutika nalo, ndipo oti alisinthe ndinu.

Ana otere si ochepa. Bungwe la Pew Research Center litaunika mayiko 130 mu 2019 linapeza kuti ana 7 mwa 100 alionse padziko lonse amakhala ndi kholo limodzi popanda wamkulu wina m'nyumbamo, ndipo ku United States anali ana 23 mwa 100. Kawerengedwe aka sikaphatikiza mwana amene akukhala ndi amayi ake m'nyumba ya agogo kapena ya achibale ena, choncho oleredwa ndi kholo limodzi ndi ochuluka kuposa pamenepa. Chaka chomwecho UN Women, bungwe la United Nations loona za amayi, linanena kuti mwa mabanja 10 alionse a kholo limodzi, oposa 8 ndi a amayi, ndipo mabanja a amayi okha amaposa 100 miliyoni.

Kuti ana amenewa, powatenga onse pamodzi, amatsalira m'maphunziro, sitikubisa. Chofunika kwa inu ndi chifukwa chake. Mu 1994, akatswiri awiri a ku United States, Sara McLanahan ndi Gary Sandefur, anapeza kuti mwana wokula ndi kholo limodzi anali pangozi yowirikiza kawiri yosiyira sekondale panjira. Atafufuza gwero lake anapeza kuti pafupifupi theka la kusiyanako linkachokera ku ndalama basi: banja likatha, zolowa pakhomo zimatsika mwadzidzidzi. Gawo lalikulu la theka linalo linali kuchepa kwa nthawi imene kholo limakhala ndi mwana komanso kusamukasamuka. Ndalama, nthawi, kukhazikika. Zonse zitatuzi boma ndi sukulu zingazikhudze.

Umboni woti zingakhudzidwedi ulipo. Kafukufuku wa mu 2003 anayerekeza zotsatira za mayeso a masamu ndi sayansi m'mayiko 11 olemera. Ku United States ndi ku New Zealand ana a kholo limodzi anatsalira kwambiri, pomwe ku Austria ndi ku Iceland kutsalirako sikunaoneke. Mabanja amatha ku Austria monga amatheranso ku New Zealand. Chosiyana chinali thandizo limene boma limapereka kwa mabanja a ana. Kafukufuku wina wa mu 1996, m'mayiko 7 a mu Africa kum'mwera kwa Sahara, anapeza kuti poyerekeza mabanja opeza mofanana, ana a m'nyumba zotsogoleredwa ndi amayi ndiwo ankapezeka kwambiri pasukulu. Amayi okha saopseza maphunziro a mwana. Nthawi zambiri ndiwo amawateteza ndi kangachepe kamene ali nako. Imfa nayo ili ndi kachitidwe kake. Ku KwaZulu-Natal ku South Africa ndiponso ku Kenya kunapezeka kuti imfa ya amayi imasokoneza sukulu ya mwana kuposa imfa ya bambo, ndipo ku Kenya ana amene ankavutika kale m'kalasi ndiwo ankasiya msanga. Tiwonjezere ichi kwa onse amene amakakamiza anthu kupirira m'banja ati chifukwa cha ana: pamene m'nyumba muli ndewu ndi nkhanza zosatha, ana ambiri amapezako bwino makolo akalekana.

Tiyambire pa kujomba, popeza ndi pamene vuto limayamba kuonekera. Mwana sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba ndi kuchedwa, chifukwa ndiye woperekeza mng'ono wake, kapena wodikira kuti amayi abwere kuchokera ku ntchito ya usiku asanasiye nyumba. Kenako ajomba Lolemba popeza khanda ladwala ndipo kholo silingasiye ntchito. Lachisanu lina abwezedwa kuti akatenge ndalama. Masiku 2 pamwezi amaoneka ochepa, koma pa chaka cha sukulu cha masiku 180 mpaka 200 amakwana 18 kapena 20, gawo limodzi mwa magawo 10 a chaka chonse, ndipo pamenepa ndi pomwe akatswiri a maphunziro amaika malire a kujomba koopsa. Masamu ndi kuwerenga zimayenda phunziro pamwamba pa phunziro. Wojomba sabata imene anzake anaphunzira kugawa manambala adzasowa pogwira akafika pa mafulakishoni, ndipo wosadziwa bwino kuwerenga akamamaliza chaka chachitatu amayamba kulephera maphunziro onse, chifukwa kuyambira pamenepo chilichonse chimadzera m'buku. Akalephera abwereza kalasi, akula msinkhu kuposa anzake, achita manyazi, ndipo kholo limene likuvutika kale limayamba kudzifunsa ngati kulipira kuli ndi phindu.

Chida choletsera zimenezi chili kale m'manja mwa mphunzitsi aliyense: kaundula wa m'kalasi. Vuto ndi loti amagwiritsidwa ntchito powerenga chiwerengero chotumiza ku ofesi, osati poona mwana. Ena amamudzaza Lachisanu mongokumbukira. Tikupempha kuti kaundula azidzazidwa m'phunziro loyamba tsiku lililonse, ndipo pambali pa chizindikiro cha kujomba pazilembedwa chifukwa: matenda ake, matenda a wina, kulera ang'ono, ndalama, ntchito, kapena chosadziwika. Mwana akasowa masiku 2 otsatizana, kholo liimbiridwe foni kapena litumiziridwe uthenga tsiku lomwelo. Akasowa masiku 3 m'mwezi umodzi, mphunzitsi wa kalasi acheze ndi mwanayo payekha. Akafika 5, munthu wa sukulu apite kunyumba. Kamodzi pa sabata, mphunzitsi wamkulu ayang'ane kachitidwe kake, osati chiwerengero chokha. Wojomba tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse nthawi zambiri akulowa m'malo mwa kholo pa ntchito ina. Wojomba sabata yomaliza ya mwezi akutiuza kuti ndalama zatha. Abale awiri ojomba mosinthana, wina lero wina mawa, akulandirana kulera khanda kapena akubwerekana yunifolomu imodzi. Izi sizioneka ngati kaundula wa kalasi imodzi sayerekezedwa ndi wa ina.

Uthenga woyamba wopita kwa kholo ukhale funso, osati chiopsezo. Kholo loopsezedwa ndi chindapusa limasiya kuyankha foni ya sukulu, ndipo njira yokhayo yodziwira zoona imatsekeka. Chimodzimodzinso chilango cha ochedwa. Kutsekera mwana kunja kwa geti kapena kumupatsa ntchito yolanga nthawi ya phunziro kumamuphunzitsa kuti akachedwa ndi mphindi 15 kuli bwino asabwere n'komwe. Wochedwa alowe, akhale pansi, nkhani ikambidwe nthawi yopuma.

Kuti zonsezi zitheke, sukulu iyenera kudziwa amene akulera mwana. Mafomu ambiri olembetsera ali ndi mizere iwiri, dzina la bambo ndi dzina la mayi, ndipo safunsa chofunika chenicheni. Fomu izifunsa kuti mwana amagona m'nyumba ya yani, kodi m'nyumbamo muli akuluakulu angati, womulera amagwira ntchito maola ati, amatha kuwerenga kapena ayi, kodi pali ang'ono osayamba sukulu, ndipo ndani wina amene angaimbiridwe womulerayo akapanda kupezeka. Mafunsowa azibwerezedwa kumayambiriro kwa teremu iliyonse, chifukwa banja limene linali la makolo awiri mu Januwale likhoza kukhala la kholo limodzi mu Epulo. Zolembedwazi zisungidwe motsekera, zionedwe ndi mphunzitsi wamkulu, wa kalasi ndi mlangizi basi. Mchitidwe wouza ana kuti amene alibe bambo aimike manja, kapena woitana mayina a olandira thandizo pa mzere wa m'mawa, uthe. Mwana wochititsidwa manyazi kamodzi amabisa vuto lake mpaka kalekale. Ndipo mwana asakanizidwe kulembetsa sukulu kapena mayeso chifukwa chiphaso chake cha kubadwa chilibe dzina la bambo, kapena chifukwa kholo linalo silinasaine pamene kholo limenelo silidziwika komwe lili. Alandiridwe, mapepala atsatire.

Pa nkhani ya ndalama, chimene chimagwetsa banja la kholo limodzi kawirikawiri si kuchuluka kwa ndalama za chaka chonse koma kufunika kwake nthawi imodzi. Ngakhale kumene sukulu ndi yaulere, sabata yoyamba ya chaka imafuna yunifolomu, nsapato, makope, ndalama ya chitukuko, ya mayeso, ya ulendo. Banja la olandira awiri limagawana: wina alipira lendi, wina sukulu. Wolandira yekha, wokhala ndi ana atatu, amasankha mwana woti ayambe, ndipo ena amadikira. Choncho lamulani sukulu iliyonse kuti izilemba papepala limodzi zolipira zonse za chaka, ndi kulipereka kwa makolo chaka chisanathe, popanda zowonjezera zodzidzimutsa pakati pa teremu. Makolo aziloledwa kulipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Yunifolomu ikhale ya mtundu woti ingagulidwe kapena kusokedwa paliponse, osati kwa wogulitsa mmodzi, ndipo sukulu isunge zovala ndi mabuku osiyidwa ndi omaliza kuti aziperekedwa mwakachetechete. Koposa zonse, ngongole ndi nkhani ya pakati pa ofesi ndi kholo. Kubweza mwana kapena kumubisira zotsatira za mayeso sikubweretsa ndalama imene kulibe. Kumangowonjezera masiku ojomba pa umphawi.

Kwa inu a boma, njira zothandizira mabanja ndi ndalama zinayesedwa kale. Mexico inayamba ndondomeko yotchedwa Progresa mu 1997: ndalama zinkaperekedwa kwa amayi, zinkakwera mwana akamakwera kalasi, ndipo atsikana a ku sekondale ankalandira zochulukirapo chifukwa ndiwo ankasiya msanga. South Africa inayamba Child Support Grant, ndalama ya boma yothandizira kulera mwana, mu 1998, ndipo mfundo yake yabwino ndi yoti ndalama imaperekedwa kwa amene akulera mwanayo, kaya ndi mayi, bambo, gogo kapena wachibale wina. Pokonza zoterezi samalani zinthu zitatu zimene zimalakwika. Choyamba, muyeso ukhale umphawi ndi chiwerengero cha ana pa wamkulu mmodzi, osati kungoti banja latha, chifukwa pali makolo okha opeza bwino ndiponso pali mabanja a makolo awiri osauka kwambiri. Chachiwiri, ndalama zifike masabata awiri kapena atatu sukulu isanatsegulidwe. Zofika pakati pa teremu zimapeza mwana atataya kale mwezi. Chachitatu, ngati thandizo lili ndi lamulo loti mwana azipezeka pasukulu, wojomba ayambe wayenderedwa asanadulidwe, popeza banja limene lalephera kukwaniritsa lamulolo nthawi zambiri ndi lomwe lili pamavuto aakulu. Chakudya cha pasukulu nacho musachipeputse. Kwa kholo lochoka m'mamawa, kudziwa kuti mwana akadya kusukulu ndi chifukwa chokwanira chomudzutsira.

Tifike kwa oweruza, chifukwa kholo limene linachoka silinasiye kukhala kholo. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989 likunena mu ndime 18 kuti makolo onse awiri ali ndi udindo wolera mwana, ndipo ndime 27 ikulamula maboma kuchitapo kanthu kuti ndalama za chisamaliro zizitoleredwa kwa kholo, kaya lili m'dziko momwemo kapena kunja. Papepala zili bwino. Kumene zimafera ndi panjira. Mlandu umaimitsidwa kangapo, ndipo tsiku lililonse la kukhoti ndi tsiku limene wodandaula wataya malipiro, mwinanso mwana wamkulu wajomba kuti alere ang'ono. Chigamulo chikatuluka, ndalama yake imakhala yongoganizira, siyikwera mitengo ya zinthu ikakwera, ndipo palibe wolondola ngati ikulipiridwa. Wodandaula amasanduka wotolera ngongole kwa munthu amene mwina ankamumenya. Ambiri amangotaya mtima.

Tikupempha kuti pakhale kawerengedwe kodziwika kwa aliyense. Ku Britain, mwachitsanzo, muyeso wamba ndi 12 pa 100 ya malipiro a pa sabata kwa mwana mmodzi, 16 kwa awiri, ndi 19 kwa atatu kapena kuposa, ndipo imatsikako ngati mwana amagona kwa kholo lolipiralo usiku 52 kapena kuposa pachaka. Manambala angasiyane dziko ndi dziko, koma pakakhala muyeso mikangano imachepa ndipo milandu imafulumira. Kwa olembedwa ntchito, ndalama izidulidwa pa malipiro ndi kudzera ku ofesi, osati pamanja. Kwa odzilemba okha ntchito, khoti lingagamule kuti kholo lizilipira fizi kapena mayeso molunjika kusukulu, malisiti akhale umboni. Chigamulo choyembekezera chiperekedwe pa tsiku loyamba la mlandu kuti mwana asadikire miyezi. Ku Sweden ndi ku Germany boma limalipiriratu kholo lolera ngati linalo silikulipira, kenako boma lomwe limakatolera kwa wothawayo. Ku Germany kuyambira 2017 thandizoli limatha kufika mpaka mwana atakwana zaka 18. Kwa makolo okhala kunja kuli pangano la ku Hague la mu 2007 lothandiza kutolera ndalamazi kudutsa malire, ndipo mayiko amene sanalowemo aliganizire. Chinanso, kulipira ndi kuona mwana zisamangidwe pamodzi ngati malonda. Mwana si chikole.

Nthawi ndi chuma chachiwiri chimene kholo limodzi lilibe. Msonkhano wa makolo wa 10 koloko m'mawa pakati pa sabata umafuna kuti munthu wolipidwa patsiku ataye chakudya cha tsikulo. Akapanda kubwera amalembedwa kuti alibe chidwi, ndipo dzina limenelo limamatirira kwa mwana. Msonkhano uliwonse uzikhala ndi nthawi ziwiri, ina madzulo kapena kumapeto kwa sabata, ulengezedwe masabata awiri usanachitike, ndipo wobwera ndi khanda asabwezedwe. Amene sangathe kubwera apatsidwe mphindi 10 pa foni. Agogo, azakhali, amalume kapena mkulu wake wa mwanayo, ngati kholo lawalembetsa, alandiridwe ngati oimira banja. Kafukufuku ku United States ndi ku Chile anasonyeza kuti mameseji afupiafupi opita kwa makolo, onena za masiku ojomba ndi ntchito zosaperekedwa, amachepetsa kujomba ndi kukweza zotsatira, pa mtengo wochepa kwambiri. Meseji yabwino imatchula dzina la mwana, chinthu chimodzi chimene chachitika ndi chinthu chimodzi chimene kholo lingachite. Kwa osatha kuwerenga, uthenga wa mawu. Ndipo nthawi zina itumizidwe yonena zabwino, kuti nambala ya sukulu isakhale yoopsa.

Homuweki ndi pomwe ganizo la akuluakulu awiri limaonekera poyera. Ntchito yofuna kuti wamkulu afotokoze, agule zipangizo kapena atsegule intaneti imayesa banja, siyesa mwana. Mphunzitsi azipereka zimene mwana waphunzira kale ndipo angazichite yekha, zochepa kwa ang'ono. Chimene chimathandiza kwambiri ndi chipinda chimodzi chotsegula kwa mphindi 45 kapena ola limodzi akaweruka, chokhala ndi kuwala, mabuku ndi wamkulu mmodzi, kumene mwana aliyense angamalizire ntchito yake asanapite kwawo. Chikhale cha onse, chisatchedwe cha ovutika, apo ayi amene akuchifunitsitsa adzachithawa. Mphunzitsi woyang'anira alipidwe kapena achepetseredwe ntchito ina, chifukwa zodalira kudzipereka kokha zimatha teremu isanathe. Kholo lisapemphedwe kukhala mphunzitsi. Lipemphedwe zimene lingathe ngakhale litatopa: kumvetsera mwana akuwerenga mokweza kwa mphindi 15, kufunsa chimene waphunzira lero, ndi kusunga nthawi yogona. Ana a zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12 a tulo, a zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10, ndipo mwana wodikira kholo lobwera usiku kapena wotsala yekha ndi foni sawakwanitsa. Wosinza m'kalasi afunsidwe kaye nthawi imene anagona asanatchedwe waulesi.

Pali mwana mmodzi amene tikufuna mumuone mwapadera: woyamba kubadwa, makamaka akakhala mtsikana. M'nyumba ya kholo limodzi iyeyu amasanduka kholo lachiwiri. Amaphika, amachapa, amasambitsa ang'ono, amapita nawo kuchipatala. Sadandaula, sachita mwano, ndipo pachifukwa chimenechi palibe amene amamuzindikira mpaka zotsatira zitatsika. Mnyamata woyamba naye amakokedwa ndi maganyu kuti athandize amayi ake, ndipo ndalama yoyamba ikalowa m'thumba sukulu imayamba kuoneka yochedwetsa. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pamene boma ndi sukulu sizigwirako, amene amagwira mbali inayo ndi mwana wa zaka 12. Njira yomumasulira ndi malo osamalira ana aang'ono, otsika mtengo, oyandikana ndi sukulu, otsegula sukulu isanayambe ndi kutseka itaweruka. Sukulu ya mkaka yotseka 11 koloko m'mawa siithandiza kholo logwira ntchito tsiku lonse. Ndalama yoikidwa pamenepa imathandiza atatu nthawi imodzi: khanda, mkulu wake, ndi kholo limene tsopano lingagwire ntchito.

Abambo olera okha ndi ochepa koma asaiwalike. Ambiri amachita manyazi kupempha thandizo, ndipo mauthenga a sukulu olembedwa kwa amayi amawauza kuti malowa si awo. Mtsikana woleredwa ndi bambo okha akatha msinkhu amasowa womuuza; pakhale mphunzitsi wamkazi wodziwika amene angapiteko, ndi mapadi osungidwa mu ofesi operekedwa popanda mafunso.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi chaka choyamba ndi chachiwiri banja litatha kapena kholo litamwalira, ndipo kawirikawiri mavuto amayamba zisanachitike, pa nthawi ya mikangano kapena ya matenda. Mwana wamng'ono amabwerera m'mbuyo: kulira polekana ndi kholo, kudandaula m'mimba, kuiwala zimene ankadziwa. Wamkulupo amakwiya msanga, amamenyana, kapena amangokhala duu. Sukulu yoona khalidwe lokha imamuimitsa masabata awiri, ndipo amakakhala yekha m'nyumba yopanda munthu, kutali ndi malo okhawo amene anali asanasinthe pa moyo wake. Malamulo asafewetsedwe, mwana wosokonezeka amafuna malire omveka, koma chilango chizichitikira pasukulu, akuphunzira. Sukulu ikamva za imfa kapena kulekana, isankhe wamkulu mmodzi amene mwanayo amamukhulupirira, azikumana naye mphindi zochepa sabata iliyonse kwa teremu ziwiri, ndipo aphunzitsi ena auzidwe zochepa zoyenera kudziwa. Masiku operekera ntchito atalikitsidwe kwa kanthawi, koma chiyembekezo pa mwanayo chisatsitsidwe. Chifundo chonena kuti musamuvutitse, kwawo kulibe bambo, chimapha maphunziro mofanana ndi nkhanza. Ngati patatha miyezi ingapo mwana sakudya, sakugona, kapena akulankhula zodzivulaza, atumizidwe kwa achipatala kapena mlangizi wophunzira tsiku lomwelo, ndipo njira yake ilembedwe ndi kudziwika kwa mphunzitsi aliyense.

Kusamuka kumabwera pa nthawi yomweyi, chifukwa lendi yakula kapena banja labwerera kwa achibale. Kusintha sukulu pakati pa chaka kumatayitsa mwana anzake, aphunzitsi omudziwa ndi mitu imene sukulu yatsopano inadutsa kale. Kumene n'kotheka, aloledwe kumaliza chaka pasukulu yake ngakhale wasamukira kunja kwa dera lake. Kumene n'kosatheka, kalata yosamutsira ituluke mkati mwa sabata imodzi, isagwidwe chifukwa cha ngongole, ndipo ipite ndi zotsatira zake ndi mitu imene wafikapo. Sukulu yolandira imuyese kuwerenga ndi masamu m'sabata yoyamba kuti idziwe mipata, osadikira mayeso a kumapeto kwa teremu.

Kwa mwana wa nyumba ziwiri, lipoti ndi mauthenga zizipita kwa makolo onse awiri, pokhapokha khoti litaletsa. Kholo losakhala ndi mwana likamadziwa zotsatira zake limakhala pafupi ndipo limalipira mosavuta. Koma sukulu si khoti. Mphunzitsi asaweruze amene analakwa m'banja, asatume mwana kukanena za ndalama kwa kholo linalo, ndipo asamufunse kuti akufuna kukhala ndi yani. Pamene pali chiletso cha khoti chifukwa cha nkhanza, kope lake likhale mu ofesi, mlonda wa pageti adziwe amene saloledwa kutenga mwana, ndipo malo okhala kholo lothawa nkhanza asaululidwe kwa wina aliyense wobwera kudzafunsa, ngakhale atabwera mwaulemu chotani.

Za kalankhulidwe tinena mwachidule. Mawu akuti ukaitane bambo ako, kapena akuti ana a mabanja otha ndi choncho, amatuluka mosaganizira koma mwana amawasunga. Nenani kuti ukaitane amene amakulera. Mabuku ophunzirira aonetse mabanja a mitundu yonse. Zimenezi ziphunzitsidwe m'makoleji a aphunzitsi pamodzi ndi kadzazidwe ka kaundula ndi kachezedwe ndi kholo lokwiya kapena lamanyazi.

Chotsiriza chili kwa maunduna. Kalembera wa sukulu wa chaka ndi chaka amawerenga anyamata ndi atsikana, nthawi zina ana amasiye, koma kawirikawiri safunsa kuti m'nyumba ya mwana muli akuluakulu angati. Onjezani funso limeneli, ndipo potulutsa ziwerengero za kujomba, kubwereza ndi kusiya sukulu, ziikeni pambali pa kapezedwe ka banja, kuti zioneke bwino mbali imene ndi umphawi ndi mbali imene ndi kusowa nthawi. Popanda kutero ziwerengerozo zidzangokhala ndodo yokwapulira amayi. Oyendera sukulu akafika, asamangoona ngati kaundula wadzazidwa. Asankhe mayina asanu a ana ojomba kwambiri m'teremu yapitayi, afunse mphunzitsi wamkulu kuti aliyense amakhala ndi yani, anajomberanji, ndani anapita kwawo, ndipo chinachitika n'chiyani pambuyo pake. Mayankho ake alembedwe m'lipoti la oyendera, ndipo sukulu imene ilibe mayankho ipatsidwe teremu imodzi kuti iwapeze.

Ndife anu pa ntchito yolera ndi kuphunzitsa ana,

Aphunzitsi, alangizi a ana ndi ogwira ntchito zosamalira mabanja